Mkamwini Amene Sanamalize Kukolola

Kwathu kuno, m'midzi yozungulira Mkaika, mkamwini amadziwa malire ake. Amalima munda wa mkazi wake, amafolera nyumba, amaberekera eni mudzi ana, ndipo pa msonkhano wa banja amakhala kumbuyo n'kumavomereza. Chinthu chimodzi chimene sachita ndi kubzala mtengo. Palibe amene amamuletsa ndi pakamwa, ayi. Koma ndani angabzale mango pa nthaka imene mawa angauzidwe kuti apinde mphasa yake azipita? A Nikodemo Sakala anabzala. Ndipo sanabzale umodzi kapena iwiri yongoyesera. Anabzala mpaka nyumba yawo inabisika, moti ukamadutsa pa njira unkangoona utsi ukutuluka m'masamba.

Anali munthu wamfupi, wouma khosi, wochokera ku Vubwi, kumene munthu amatola nkhuni ku Mozambique n'kudzaphikira ku Zambia. Ali mnyamata anabwera ku Katete kudzafuna ntchito, ndipo anaipeza kwa a Arif, mwini sitolo ya nsalu ndi makasu, munthu wobadwira ku Malawi. Ntchito yawo inali kusesa kuseri kwa sitolo ndi kuthirira dimba. A Arif akapita kukaona abale awo ankabwerako ndi timitengo tokulunga m'saka yonyowa, ndipo ndi iwo amene anaphunzitsa a Nikodemo kumezanitsa: kudula nsonga ya mango okoma, kuilowetsa pa tsinde la mango wamba, n'kumanga zolimba mpaka ziwirizo zitagwirana. Kuyambira pamenepo mpeni sunachokenso m'thumba mwawo. Matenda a mitengo anawalowa m'magazi, ndipo palibe sing'anga akanawachiza.

A Ethel, amene anadzakhala mkazi wawo, anakumana nawo pa msika, mayiyo akugulitsa mtedza. Anagula mtedza wambiri chaka chimenecho a Nikodemo, woposa umene munthu mmodzi angadye, mpaka ukwati unatheka. Tsiku lopita ku chikamwini anthu a m'mudzi anayembekezera katundu wa munthu wogwira ntchito m'tauni, kaya wailesi, kaya mipando. Pa njinga panali bulangeti limodzi ndi zitini. Zitini zokhazokha, abale, chilichonse chili ndi kamtengo kake!

Apongozi awo sakanatha kulankhula nawo maso ndi maso, ndiye mawu anadzera mwa a Ethel.

"Amayi akuti bwalo la munthu limasesedwa mpaka liyere. Akuti zitsamba zanuzi zitiitanira njoka."

"Kawauzeni kuti njoka zikabwera ndidzazilandira ndine," anatero a Nikodemo, akukumbabe dzenje.

"Nanga maluwawa? Mango ndamva, magwafa ndamva. Koma maluwa ndi ndiwo?"

"Nanga chitenje mwavalacho, cha maluwacho, munayamba mwatafunako?"

A Ethel anaseka mpaka kugwira mpanda, ndipo kuyambira tsiku limenelo madzi otsukira mbale sanatayidwenso pa dzala. Ankathira pa tsinde la maluwa.

Amene sanaseke anali a Edward, mlongo wa a Ethel, mwinimbumba wa banjalo. Iwo chikamwini sanachilawepo, poti mkazi wawo anachita kumutenga chitengwa, n'chifukwa chake ankachidziwa bwino kuposa aliyense. Anabwera, naima manja ali kumbuyo, nawerenga maenje ndi maso.

"Alamu," anatero, "mlendo ndi mame. Musaiwale."

"Ndamva, alamu," anayankha a Nikodemo mwaulemu wonse. M'mawa mwake anakumba maenje ena.

Musaganize kuti mitengo ija inangomera ngati bowa. M'chilimwe, chitsime chikatsika, a Nikodemo ankamangirira zigubu pa njinga n'kupita ku dambo, mwamuna wathunthu kukapanga mzere ndi akazi. Amuna anzawo, ali pa bawo, ankawakuwiza kuti, "Mayi Sakala, tigawireniko akumwa!" Iwo osacheuka. Mbuzi za mudzi wonse zinagwirizana kuti tsamba la lalanje limakoma kuposa udzu, ndiye panafunika minga yotchingira kamtengo kalikonse. Chiswe nacho chinabwera ndi njala yake, iwo n'kumathira phulusa. Kamtengo kakauma sankadya bwino tsiku limenelo, ndipo a Ethel ankadziwa kuti si nthawi yowafunsa za sopo.

Ana sanabwere m'nyumbamo. Mmodzi yekha anabwera, nangoona dziko, nabwerera. A Ethel analira zaka zambiri, ndipo anthu, poti pakamwa sipalipiritsa msonkho, anayamba kunong'ona kuti mkamwini uja mphamvu zake zonse zinathera m'maenje. Ena anapita kwa a Ethel kukawauza kuti amusiye, apeze wina wobereka. A Ethel, mayi wa Chigwirizano wosakweza mawu, anawafunsa ngati amaliza kulankhula, kenaka anawapatsa mandimu kuti akamwere chimfine. Awiriwa anakalamba limodzi pansi pa mitengo yawo, ndipo ankakondana, ndinene mosabisa, kuposa ambiri amene anadzaza nyumba ndi ana.

Pamene zaka zinapita, pakhomo paja panasanduka malo oti munthu ukhoza kudziwa mwezi osafunsa. Chisanu chikalowa, anthu akuotha dzuwa m'mawa, malalanje ndi manachesi ankafiira mpaka nthambi kuchita kuzichirikiza ndi mphanda. Mu Ogasiti mango ankachita maluwa, fungo lake lokoma pang'ono lonunkha pang'ono, njuchi ndi ntchentche kulimbirana. Nthawi imeneyo alendo obwera ku mwambo wa Kulamba ankaimitsa magalimoto kuti ajambule mpanda wa a Nikodemo pa foni. Mpandawo unali wa bogenivila, chomera cha minga chimene chimadana ndi kusasatitsidwa. Mvula ikamagwa chimangokhala masamba, koma dziko likauma, tchire litapsa, fumbi lili koboo, ndi pamene chimayaka, kufiira ngati chakwiya. A Ethel ankati chomeracho ndi mbale wawo wa amuna awo, poti chikavutika ndi pamene chimachita matama.

Jakaranda wa pa chipata ankathothola masamba onse n'kuvala maluwa okhaokha kutentha kukafika pachimake, ndipo ana a m'mudzi ankayenda milomo ili bii ndi mabulosi, n'kumalumbira kuti sanapiteko kwa a Sakala. Mvula yoyamba ikagwa, mango. Mango akamatha magwafa anali atayamba kale kukhwima, ndipo pambuyo pake mapeyala, amene a ku tauni amati kotapela. Mapapaya ndi nthochi zokha sizinkadziwa nyengo. Ukwati uliwonse wa ku tchalitchi unkathyola maluwa pamenepo. Wodwala aliyense ankatumiza mwana kukapempha ndimu. A Edward nawonso ankadya, musafunse. Ankadya mango mpaka madzi kutsikira m'zigongono, n'kumadandaula kuti masamba akugwera m'bwalo mwawo.

A Ethel anamwalira m'dzinja, chimanga chikumasula, atadwala masabata ochepa. Anawaika kumanda a mudziwo, m'nkhalango imene imaoneka ukakhala pa khonde la nyumba ija. A Nikodemo anali atakalamba, bondo limodzi litayamba kukana. Mkamwini wamasiye, wopanda mwana m'mudzi, aliyense ankadziwa chotsatira. Atameta maliro, chimanga chikuuma m'minda, banja linakhala pansi kuti liwasudzule, liwamasule abwerere kwawo.

Panali a Prisca, mkulu wawo wa a Ethel, mayi wosalankhulalankhula amene tsopano anali wamkulu wa akazi onse a mbumbayo. Panalinso mwana wawo Fredrick, amene anali atangokwatira ndipo ankafuna malo omangapo nyumba ya njerwa. Fredrick akayang'ana mitengo ija sankaona mango, ankaona nkhuni zootchera njerwa. Sindikumuda mnyamatayo. Malo anali a mtundu wa amayi ake, ndipo mkazi wake anali ndi pakati.

A Edward anaimirira, nakonza pakhosi. Ankakonda kulankhula pagulu, ndipo tsiku limenelo anafuna kuti anthu akawatame kuti ndi munthu wa mwambo.

"Alamu athu, mwatisungira mlongo wathu bwino, sitikudandaula. Lero takumasulani. Koma ife kuno munthu sitimuchotsa mbewu yake ili m'munda. Mukolole kaye zonse zimene munabzala. Mukatha, tidzakuperekezani kwanu mwaulemu."

Anthu anaomba m'manja. A Nikodemo nawonso anaomba, mutu uli pansi. Mumtima munali moto. Kwawo kuti? Ku Vubwi amayi awo anapita kalekale, alongo awo anapita, adzukulu otsala ankangowadziwa dzina. Zaka zoposa makumi anayi anatunga madzi a mudzi uno, anakumba manda a mudzi uno, ndipo mkazi wawo anali gone apo, poonekera. Lero akhale mame? Koma mawu a mlamu wawo anawamva bwinobwino, ndipo anawasunga.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, mtedza utauma, a Edward anabwera.

"Alamu, mwakolola. Tikonze tsiku."

A Nikodemo analoza ndi ndodo. "Malalanje awo, alamu. Ndinabzala ndine. Ayamba kumene kufiira."

A Edward anayang'ana malalanje, nayang'ana munthuyo. Mawu anali awo omwe, ndipo ananenedwa pagulu. Anatola manachesi awiri, napita.

Anabweranso chisanu chitatha, mphepo ya fumbi itayamba.

"Malalanje atha."

"Atha ndithu. Koma taonani mangowo mmene achitira maluwa. Chaka chino kuli mango, alamu. Ndipo mabulosi ali pafupi."

Anabwera pa Khrisimasi, nawapeza akudya mango ndi mpeni wawo uja. Anabwera mango atatha, nasonyezedwa magwafa. Anabwera magwafa atatha, nasonyezedwa mapeyala, ndipo asanatseke pakamwa malalanje anali atayambanso kusintha mtundu. Mwambo uja anaukonzera anthu a chimanga, amene mbewu yawo imatha kamodzi pa chaka. Palibe kholo limene linaganizapo za mkamwini wa bwalo lodzaza zipatso. Mudzi wonse unayamba kuseka. Anthu akakumana ndi a Edward pa chigayo ankawafunsa mwaulemu kuti, "Kodi alamu anu aja akolola?" A Edward n'kungoti tsonyo.

Munthu wosekedwa amaopsa. Chaka chachiwiri, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Edward anafika ndi Fredrick, aliyense chikwanje m'manja.

"Zipatso ndi mbewu, tavomera," anatero a Edward. "Koma maluwa si mbewu. Palibe amene amakolola maluwa. Fredrick akufuna poumbira njerwa."

"Alamu, maluwawo ndi a mlongo wanu. Ankathirira yekha."

"Mlongo wanga anapita."

Anadula bogenivila yense, mpanda wonse, uli pachimake pa kufiira kwake. Anadula maluwa oyera onunkhira a pa zenera la kuchipinda, amene a Ethel ankaika m'botolo pa tebulo la ku tchalitchi. Anagwetsa jakaranda, maluwa ake n'kumwazika bwalo lonse. Minga inawabaya manja mpaka magazi, koma sanasiye. A Nikodemo anakhala pa khonde n'kulira. Analira ngati mwana, osabisa nkhope, chifukwa tsiku limenelo ndi pamene anamva kuti a Ethel amwaliradi.

Misozi itauma anatulutsa mpeni. Anakhala pa mulu wa nthambi zodulidwa zija n'kuyamba kuzidula timitengo totalika ngati chikhatho. Mayi aliyense wodutsa popita ku mjigo ankamuitana.

"Amayi, tengani aka. Mukazike m'chitini, muike pa mthunzi, musathirire kwambiri. Ndi ka anzanu a Ethel."

Panalibe wokana. Mvula itagwa, timasamba tinayamba kutuluka m'zitini kuseri kwa makhitchini a mudzi wonse, ndipo kachitini kamodzi kanali kuseri kwa khitchini ya mkazi wa a Edward, kobisidwa ndi lichero lakutha. A Edward anafuna kuchotsa mpanda umodzi, anabzala mipanda ya mudzi wonse. Atazindikira sanagone tulo tabwino.

Mu Januwale, mango omaliza atagwa, anabwera ndi anyamata a mbumba yawo, aliyense atanyamula nsungwi yaitali. Sanapereke ndi moni womwe.

"Alamu, mwakalamba, kukolola kukukuvutani. Tabwera kudzakuthandizani."

Koma abale inu, zimene zinachitika tsiku limenelo! Anyamata aja anakwapula mtengo uliwonse. Magwafa osapsa anagwa ngati miyala. Timalalanje tobiriwira, tating'ono ngati mazira a nkhunda, tinadzaza pansi. Mapeyala anthete anaphwanyika. Nthochi anazigwetsa ndi mikoko yake yosakhwima, mapapaya anawadula pa tsinde, utomoni uli chuchuchu. Bwalo lonse linanunkha masamba ophwanyika. Ana anaima patali, osatola ngakhale chimodzi, poti panalibe chodyeka. Ngakhale mbuzi zinangonunkhiza n'kuchoka.

A Nikodemo nthawi ino sanalire. Anakhala pa mpando wawo, ndodo ili pakati pa miyendo, akuyang'ana mnyamata aliyense m'maso. Ambiri mwa anyamatawo anakulira m'mitengo yomweyo, ndipo palibe anapirira kuyang'anidwa.

Pomaliza a Edward anazungulira mitengo yonse, mutu uli m'mwamba, kufufuza ngati patsala kanthu. Panalibe.

"Mwakolola tsopano, alamu. M'munda mulibe kanthu. Mawa m'mawa ngolo ibwera, ikakutuleni pa msewu waukulu mukakwere minibasi."

M'mawa mwake kunacha ndi mitambo, nthaka ili yofewa ndi mvula ya usiku. Ngolo inabweradi, Fredrick akuyendetsa ng'ombe. Anthu anasonkhana, ena kudzatsanzika, ambiri kudzaonerera. A Prisca anabwera mochedwa, nakhala pa mtondo wogona. Katundu sanavute kukweza: bedi, mphasa, njinga yakale ija, thumba la zovala, mapoto. Atamaliza kumanga zingwe anaona kuti mwini katunduyo palibe.

Anawapeza kuseri kwa nyumba, ali m'dzenje lofika m'mawondo, akutulutsa dothi ndi khasu. Malaya anali atanyowa ndi thukuta, bondo lija likunjenjemera. Pambali panali chitini, ndipo m'chitinimo munali kamtengo ka mapeyala ka masamba ofiirira, kongomera kumene pa nthanga yake.

"Alamu, mukutani?" anafunsa a Edward.

"Ndikubzala."

"Ngolo ikudikira!"

"Idikire. Mvula yagwa bwino, lero ndi tsiku lobzala."

Anatuluka m'dzenjemo movutikira, nathira manyowa, nang'amba chitini ndi mpeni, naika kamtengo pakati. Anthu anali atazungulira. Aliyense m'mudzimo ankadziwa kuti a Nikodemo sabzala mtengo osaumezanitsa, chifukwa womezanitsidwa subala mochedwa. Aka sanakakhudze ndi mpeni. Peyala lomera pa nthanga limatenga nthawi yake, mwana wobadwa lero amayamba sukulu lisanaganize n'komwe zobala. Anakwirira, naponda ndi chidendene, kenaka anaweramuka n'kulankhula mokweza kuti ndi a kumbuyo omwe amve.

"Munati ndikolole zonse zimene ndinabzala. Iyi ndabzala ndine, nonse mwaona. Mbewu yanga ili m'munda."

Wina anaseka, nadzigwira pakamwa. A Edward nkhope inachita kutupa.

"Zamasewera! Fredrick, zula chimenecho!"

"Zulani," anatero a Nikodemo, osasuntha. "Koma muyambe mwauza anthuwa kuti mawu munalankhula tsiku lija anali bodza. Munene kuti pa mudzi pano mwambo umagwira ntchito pokhapokha ukakomera inu. Mukatero ndikwera ngolo ndekha, simuchita kundikweza."

Fredrick anayenda masitepe angapo, naima, nayang'ana amayi ake. A Prisca anadzuka pa mtondo paja pang'onopang'ono, nakonza chitenje. Sanali munthu wowakonda kwenikweni a Nikodemo, ankati ndi munthu wamakani, ndipo sankanama. Koma anayenda kudutsa bwalo lija, akuponda magwafa osapsa, nafika pamaso pa mlongo wawo.

"Achimwene, mawu aja munalankhula ndinu, ife tinaombera m'manja. Mwambo si malaya oti muzivula kukatentha. Dzulo mwagwetsa chakudya chosapsa ana akuona, ine ndachita manyazi mpaka sindinadye. Lero mukufuna muzulenso mbewu ya munthu? Mtengowo usakhudzidwe."

"Amayi, nanga ine ndimange kuti?" anafunsa Fredrick.

"Dziko latha kodi? Kuseri kwa nyumba yanga kuli malo. Tsitsa katunduyo."

A Edward anayang'ana uku ndi uku kufuna wowathandiza, koma amuna onse anali atapeza chochititsa chidwi pa zala za kumapazi kwawo. Anatembenukira kwa mlamu wawo mokwiya.

"Mukudzinamiza, mdala inu! Taonani mmene mukupumiramo. Mudzafa mtengowo usanabale!"

"Ndikudziwa, alamu," anayankha a Nikodemo. "Ndinaubzala ndikudziwa. Tsiku limenelo mudzabwere nayo ngolo yanuyo. Sindidzakana."

Panalibe anasekanso. Fredrick anamasula zingwe, bedi linabwerera m'nyumba, anthu anabalalika mmodzimmodzi. A Nikodemo anatola ndowa, napita okha ku mjigo akutsimphina, poti kamtengo kongobzala kumene kamafuna madzi ngakhale kuli mitambo.

Anakhalabe pakhomo paja madzinja ena atatu. Mitengo yokwapulidwa ija inaphukanso n'kubala, ndipo iwo ankagawira aliyense monga kale, ndi ana a Fredrick omwe. Ndi a Edward sanalankhulanenso kupitirira moni. Peyala lija linakula kupitirira denga la khitchini, masamba okhaokha, ndipo mwini wake sanalawe chipatso chake. Anamwalira mu Ogasiti, mango ali m'maluwa, atagona m'nyumba yawo yomwe ija. Adzukulu a ku Vubwi anatumiza mawu kuti malume awo akaikidwe kwawo, ndipo galimoto yawo inaima pa msewu waukulu chifukwa njira ya m'mudzi inali yoipa. A Edward anamanga ng'ombe okha, osatuma munthu, nabwera ndi ngolo pakhomo. A Nikodemo sanakane.